Ankagwa akaseka: lipoti la mphunzitsi wodwala narcolepsy ndi madokotala amene anamuona

Lipoti ili ndi la mayi wa zaka 24, mphunzitsi wa pulayimale wodwala narcolepsy, matenda ogonagona masana, amene ndakhala ndikumuona kwa chaka ndi theka pa chipatala chimene ndimagwirapo ntchito kuno m'chigawo chapakati. Mwini wake wavomera kuti ndilembe, ndipo ndachotsa dzina lake, la sukulu yake ndi la mudzi wa kwawo. Ndikulembera anzanga a m'zipatala zing'onozing'ono amene odwala amayamba kufikira kwa iwo, komanso mabanja amene ali ndi munthu wogonagona masana ndipo asowa kuti apite naye kwa dokotala uti.

Tsiku loyamba

Anabwera mu Febuluwale kudzatenga mankhwala a mwezi. M'buku lake la kuchipatala munalembedwa kuti ali ndi khunyu, ndipo anali atamwa mankhwala a khunyu otchedwa phenobarbitone kwa zaka 6. Mzere unali wautali tsiku limenelo. Ndinamufunsa funso limene timafunsa aliyense wa khunyu, lakuti wagwa kangati mwezi umenewo. Anati kasanu kapena kuposerapo. Sindinafunse kuti amagwa motani. Ndinaganiza kuti mankhwala akuchepa mphamvu, ndiye ndinamukwezera kuchoka pa 60 mg kufika pa 90 mg usiku uliwonse, n'kuitana wotsatira. Kumeneku kunali kulakwitsa kwanga, ndipo ndikukulemba poyamba chifukwa ndi kulakwitsa komweko kumene kunamuchedwetsa zaka zonsezi m'manja mwa anthu ena ambiri ndisanabwere ine.

Patapita masabata 3 anabweranso, ulendo uno ndi mayi ake. Asanakhale n'komwe pansi, mayiwo anati, "Adokotala, mankhwala mwamuwonjezerawa amumaliza mwanayu. Dzulo wagona nsima ili m'manja. Kusukulu ahedi amuchenjeza kachiwiri." Iye anangozyolika, osanena kanthu.

Ndinawapempha kuti adikire mpaka mzere uthe, ndipo masana tinakhala pansi ola lathunthu. Anatulutsa mabuku atatu a kuchipatala omangidwa ndi mphira. Ndinawerenga tsamba ndi tsamba. Munali LA wa malungo kangapo, ngakhale pamene magazi sanaonetse malungo. Munali mapiritsi oonjezera magazi ndi mavitamini. Pamalo ena panalembedwa chlorpromazine, mankhwala a misala, wa mwezi umodzi, ndipo pambali pake wina analemba kuti wodwala akuona anthu usiku. Pa masamba onsewo panalibe pamene wina analemba mmene kugwako kumachitikira.

Mbiri ya matenda

Tulo tinayamba ali ndi zaka 15, ali Fomu 2 pa sukulu yogonera konko. Ankagona m'kalasi, pa nthawi yowerenga madzulo, m'tchalitchi, ngakhale pa mzere wa chakudya atatsamira khoma. Anzake anamupatsa dzina lakuti Kaodzera. Aphunzitsi ankati ndi ulesi. Chimene anandiuza chimene chinanditsegula maso n'chakuti akagona mphindi 10 kapena 15 amadzuka ali bwinobwino, mutu uli mbee, ndipo pa kanthawi kochepako amakhala atalota maloto athunthu. Pakatha maola awiri kapena atatu tulo timabweranso ngati sanagone. Usiku sagona tulo tabwino: amadzidzimuka kasanu, kasanu ndi kamodzi. Chaka chimene zinayambacho ananenepa mofulumira mpaka yunifolomu inamuthina, chikhalirecho kadyedwe sikanasinthe.

Anandionetsanso kope lake lokonzera maphunziro. Mzere umayamba ndi zilembo zooneka bwino za mphunzitsi wa Sitandade 3, kenako zilembo zimayamba kupendekera, mawu n'kusanduka mizere yokhotakhota yotsetsereka mpaka kutuluka m'mphepete mwa tsamba. Dzanja limapitiriza kulemba mwini wake atagona. Masamba otere analipo ambiri.

Kugwa kunayamba patatha zaka ziwiri. Ndinafunsa zonse zimene ndinayenera kufunsa mu Febuluwale muja. Kodi amaphupha? Ayi. Thovu kukamwa? Ayi. Anayamba wadziluma lilime kapena kudzikodzera? Ayi. Akadzuka amakhala wosokonezeka, mutu ukupweteka? Ayi, amangopitiriza zimene amachita. Ndiye ndinati, "Aphunzitsi, nthawi imene mumagwayo mumakhala mukutani?"

Anayankha ndi mayi ake. "Akaseka basi. N'chifukwa chake kwathu tinaletsa nthabwala iye akakhala pafupi ndi moto." Mwini wake anaonjeza kuti anasiya netibolo chifukwa akangoponya mpira n'kulowa, chimwemwe chikamugwira, mawondo ankathyoka. Akakumana mwadzidzidzi ndi mnzake wakalekale pamsika, zimachitikanso.

Pofuna kundipatsa chitsanzo, mayiwo anayamba kusimba za mbuzi imene inalowa m'tchalitchi mwawo nthawi ya chopereka n'kuyamba kudya maluwa a kuguwa. Mwana wawo anaseka, ndipo ndinaziona ndi maso anga. Zikope zinayamba kugwa, nsagwada inalendewera, mawu amene amafuna kunena anatuluka ngati a munthu woledzera. Mutu unagwera kutsogolo, n'kudzuka pang'ono, n'kugweranso. Manja anatsetsereka pamiyendo ndipo thupi lonse linafwamphukira kumbali, mayi ake n'kumuwakha mozolowera. Ankapuma bwinobwino, nkhope sinasinthe mtundu. Ndinatenga kanyundo kathu n'kugogoda pansi pa bondo: mwendo sunagwedezeke ngakhale pang'ono. Ndinanena mokweza kuti, "Nyemba, 47, Salima." Mphindi imodzi isanakwane anadzuka, n'kukonza chitenje chake. Ndisanafunse anati, "Mwati nyemba, 47, Salima." Nditagogodanso bondo lija, mwendo unadumpha monga mwa masiku onse.

Munthu wa khunyu logwetsa thupi lonse sakumbukira zimene zanenedwa ali chigwere. Chimene ndinaonacho dzina lake ndi cataplexy: minofu kufooka mwadzidzidzi chifukwa cha kuseka, chimwemwe, kudabwa kapena mkwiyo, munthu ali maso ndipo akumva zonse. Ikapezeka pamodzi ndi tulo ta masana ta zaka zambiri, palibe matenda ena ambiri oti n'kuwaganizira kupatula narcolepsy.

Panatsala nkhani ya anthu a usiku ija. Anaifotokoza monyinyirika chifukwa nthawi yomaliza imene anaiulula anapatsidwa mankhwala a misala. Akamayamba kugona kapena akamadzuka, nthawi zina amapezeka kuti ali maso koma sangathe kusuntha chala kapena kukuwa, pachifuwa pakulemera ngati pakhala munthu, ndipo amaona mwamuna wamtali ataima pakhomo. Banja linamva kuti ndi afiti. Anapita naye kumapemphero, anapitanso kwa asing'anga, ndipo pachifuwa pake pali mphini. Sindinatsutsane nawo za chikhulupiriro chawo. Ndinangowauza kuti odwala matendawa ku Japan, ku France ndi ku America amafotokoza zomwezi pafupifupi liwu ndi liwu, ndipo pali chifukwa chake m'thupi.

Chimene chimachitika mu ubongo

Munthu wathanzi akagona, pamatenga pafupifupi mphindi 90 kuti afike pa gawo la tulo lotchedwa REM, limene timalotamo kwambiri. Pa gawo limeneli ubongo umazimitsa minofu ya thupi kuti wolota akuthamanga asadzuke n'kuthamangadi. Chimene chimasunga malire pakati pa kukhala maso ndi tulo ta malototi ndi mankhwala a mu ubongo otchedwa orexin, ena amati hypocretin, amene anatulukiridwa mu 1998 ndi magulu awiri a akatswiri ku America. Amapangidwa ndi maselo ochepa chabe, pafupifupi 70,000, m'kachigawo ka ubongo kotchedwa hypothalamus. Mu 1999 gulu la Emmanuel Mignot ku Stanford linapeza kuti agalu obadwa ndi narcolepsy ali ndi vuto pa malo olandirira orexin, ndipo mu 2000 zinadziwika kuti mwa anthu odwala narcolepsy yokhala ndi cataplexy maselo aja amakhala atatha, pafupifupi 9 mwa 10 alionse. Umboni wambiri ukuloza kwa chitetezo cha m'thupi momwemo kuti ndicho chimawaononga. Izi zinaonekera kwambiri ku Finland ndi ku Sweden mu 2010, pamene ana odwala narcolepsy anachuluka atabayidwa katemera wa chimfine wotchedwa Pandemrix.

Malire aja akagumuka, zidutswa za tulo ta maloto zimalowerera masana. Kuzima kwa minofu kukabwera munthu akuseka, ndiyo cataplexy. Kukachedwa kuchoka munthu atadzuka kale, ndiko kupanikizidwa pachifuwa kuja. Maloto akayamba maso asanatsekeke bwino, ndiye mwamuna wa pakhomo uja. Nditawafotokozera chonchi, mayi aja anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Ndiye kuti agogo ake tinawanamizira." Sindinafunse zambiri, koma ndinamva kulemera kwa mawuwo.

Matendawa si achilendo. Karl Westphal anawalemba ku Berlin mu 1877, ndipo dzina lakuti narcolepsy analipereka dokotala wa ku France, Jean-Baptiste Gélineau, mu 1880. Kumaiko kumene anawerengera bwino amapezeka mwa munthu pafupifupi mmodzi pa 2,000 alionse, ndipo kawirikawiri amayamba munthu ali wachinyamata, cha m'ma zaka 15. Ngakhale kumaiko olemera odwala ambiri amatha zaka 8 mpaka 15 asanauzidwe dzina lenileni la vuto lawo. Mphunzitsi wathuyu zinamutengera zaka 9.

Ntchito ya pa khomo loyamba

Anthu akamafunsa kuti narcolepsy amaionetsa kwa katswiri uti, amayembekezera dzina limodzi. Wodwala wanga anadutsa m'manja mwa akatswiri angapo, ndipo aliyense anali ndi funso lakelake loti ayankhe. Koma gawo lalikulu la ntchito linachitika m'kachipinda kanga ndi zinthu zimene chipatala chilichonse cha boma laling'ono chili nazo.

Ndinamufunsa mafunso 8 a Epworth, amene anakonza Murray Johns ku Melbourne mu 1991. Amafunsa kuti munthu angaodzere mosavuta bwanji akamawerenga, akakhala m'galimoto, akamacheza ndi mnzake, ndi zina zotero, ndipo funso lililonse limapatsidwa 0 mpaka 3. Zonse pamodzi zikapitirira 10 ndiye kuti tulo tapyola muyeso. Iye anapeza 19 pa 24. Ndinamuyeza malungo, kuchuluka kwa magazi, shuga, HIV ndi mimba, ndipo zonse zinali bwino. Ndinafunsa mayi ake ngati amaliza mkonono kapena kubanika kutulo, anati ayi. Ndinafunsa za mowa, chamba ndi mapiritsi a chimfine ogonetsa aja, anati sagwiritsa ntchito.

Kuno kwathu pali chinthu chimodzi chimene mabuku a ku Ulaya sachiika patsogolo koma ife sitingachidumphe. Agogo ake amakhala kufupi ndi nkhalango ya Nkhotakota, kumene kuli akashembe, ndipo iye amapitako pa tchuthi. Kaodzera weniweni wa kuno, matenda ofalitsidwa ndi akashembe, wa mtundu wa rhodesiense, amapezeka kumeneko, ku Rumphi kufupi ndi Vwaza, ndi ku Kasungu. Amasokonezadi tulo, koma amabwera ndi kutentha thupi, mutu, kuwonda, nthawi zina chilonda pamene kashembe analuma, ndipo munthu wosalandira mankhwala amamwalira pa miyezi yochepa. Tulo ta zaka 9 mwa munthu wonenepa bwino sangakhale kaodzera. Komabe ndinatumiza magazi kuti awaone pa makina oonera tizilombo, popeza munthu angathe kukhala ndi matenda akale n'kutenganso atsopano. Sanapezemo kanthu.

Ndinamupatsa pepala loti azilembapo nthawi imene wagona, imene wadzuka ndi pamene wagwa kwa masabata awiri, ndipo ndinapempha mng'ono wake kuti akadzagwanso amujambule kanema pa foni. Kanema wa masekondi 50 ameneyo anathandiza kuposa kalata yanga ya masamba awiri kulikonse kumene anapita.

Ku chipatala chachikulu

Woyamba kumuona kumeneko anali dokotala wa matenda a akuluakulu a m'kati mwa thupi. Funso lake linali lakuti, kodi pali nthenda ina imene ikumufooketsa? Anayeza chithokomiro, impso ndi chiwindi, anamvetsera mtima ndi kujambula kagundidwe kake, poti ena amagwa chifukwa mtima wadumphitsa. Kuyeza mtimaku kunathandizanso pambuyo pake, chifukwa mankhwala ochotsa tulo amatha kukweza BP.

Wachiwiri anali dokotala wa ubongo ndi mitsempha. Ngati banja lili ndi ndalama ya ulendo umodzi wokha, uyu ndiye ndingawauze kuti akamuone, ngakhale kuti madokotala otere ndi ochepa kwambiri m'dziko muno ndipo tsiku lake limadikiridwa. Iye ndiye amene angathe kunena motsimikiza kuti ili si khunyu, n'kuchotsa dzina limene lakhala m'buku zaka 6. Anaonera kanema uja kawiri, anamuyeza thupi lonse, n'kumujambula mafunde a ubongo pa makina a EEG. Sanapeze zizindikiro za khunyu, ndipo wojambulayo analemba kuti wodwala anagona mawaya asanathe n'kumatidwa komwe. Sanaone chifukwa chojambulira ubongo pa sikani, popeza panalibe kufooka kwa mbali imodzi, vuto la maso kapena mutu wosatha, zimene zikanaloza ku chotupa kapena kuvulala kwa mu ubongo.

Iye yemweyo ndiye anakonza kasiyidwe ka phenobarbitone. Apa ndichenjeze aliyense amene akuwerenga izi ndipo akudziona m'nkhaniyi: mankhwalawa sasiyidwa tsiku limodzi. Thupi likawazolowera, kuwadula mwadzidzidzi kungachititse munthu kuphupha ngakhale analibe khunyu chiyambire. Tinatsitsa pang'onopang'ono kwa miyezi pafupifupi 3. Tulo tinachepako ndithu, chifukwa phenobarbitone payekha ndi wogonetsa, koma sitinathe.

Wachitatu anali wa matenda a maganizo. Poyamba anakana kupitako, akuti, "Adokotala, mwayambanso kundiyesa wamisala?" Ndinamuuza kuti ndikumutumiza pa zifukwa ziwiri. Choyamba, kuti katswiri alembe m'buku kuti zimene amaona usiku si misala. Wamisala amamva mawu masana dzuwa likuswa mtengo ndipo amakhulupirira zimene akumvazo, pomwe wa narcolepsy amaona zinthu polowa ndi potuluka m'tulo pokha, ndipo kukacha amadziwa kuti pakhomo panalibe munthu. Chachiwiri, anali atandiuza kuti masiku ena amaganiza kuti bola kungofa. Munthu amene wakhala akutchedwa waulesi kuyambira Fomu 2, amene anadziphunzitsa kusaseka pagulu, amene chibwenzi china chinatha atamva kuti ndi wakhunyu, sangakhale ndi mtima wopepuka. Anapezekadi ndi matenda a kukhumudwa ndipo anayamba kulandira uphungu. Thandizo lotere silili ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God kokha. M'zipatala za maboma muli anamwino ndi ma clinical officer a za maganizo, ndipo kwa ambiri amenewa ndiwo ali pafupi.

Kuyezetsa tulo

Chotsimikizira narcolepsy ndi kuyeza tulo tenitenito, ndipo zipangizo zake kunalibe kumene tinamutumizako. Mwayi wake unali wakuti mchimwene wake amagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo abale anasonkherana. Katswiri wa tulo si mtundu wapadera wa dokotala kuchokera pachiyambi. Amakhala wa ubongo, wa mapapo, wa maganizo kapena wa ana amene anaphunzira zoonjezera za tulo. Pofunafuna, chofunika kufunsa n'chakuti, kodi malowo amayeza usiku wokha kapena amachitanso mayeso a masana otchedwa MSLT? Malo ambiri amangoyeza kubanika kutulo, ena mpaka amakupatsa kachipangizo kokagona nako kunyumba. Zimenezo sizingapeze narcolepsy, ndipo ndalama ingapite pachabe.

Apa ndinalakwitsanso kachiwiri. Nditaona cataplexy ija ndinamuyambitsa fluoxetine, mankhwala a matenda a kukhumudwa, 20 mg m'mawa, chifukwa analipo m'famase mwathu ndipo amachepetsadi kugwa. Anathandiza. Koma mankhwala a gulu limeneli amapondereza tulo ta REM, ndipo REM ndiyo imene mayeso amafuna kuona. Ambiri amafunika kusiyidwa masabata awiri mayeso asanachitike, koma fluoxetine amakhalitsa m'thupi, ndiye katswiri uja anati asiye masabata 6. Mwezi wa Julaye unali wowawa: kugwa kunabwerera, masiku ena kangapo pa tsiku. Ndikanayamba ndalankhula ndi katswiriyo ndisanalembe mankhwala, tikanakonza nthawi bwino. Kumene kulibe chiyembekezo chilichonse choti wodwala akayezetsa tulo, kuyamba mankhwala pamene cataplexy yaoneka poyera n'koyenera. Koma ngati ulendo ukukonzedwa, funsani kaye.

Ananyamuka pa tchuthi cha Ogasiti ndi mayi ake, pa basi yodzera ku Mwanza, Tete ndi Beitbridge. Usiku woyamba anagona ku chipatala atamatidwa mawaya kumutu, m'mbali mwa maso, pachibwano, pachifuwa ndi m'miyendo. Kuyeza kumeneku, polysomnography, kumaona ngati munthu amabanika kutulo ndiponso ngati wagona maola okwanira, osachepera 6, kuti mayeso a mawa lake akhale oona. Sanapezeke ndi kubanika. Kutacha, pa mayeso a MSLT aja, anamuuza kuti agone kasanu, motalikirana maola awiri, m'chipinda cha mdima, ulendo uliwonse akupatsidwa mphindi 20 zoti tulo timubere. Mayesowa amaloza ku narcolepsy ngati munthu akugona pa mphindi 8 kapena kucheperapo pa avereji, ndipo akulowa mu REM mphindi 15 zisanathe kawiri kapena kuposa. Iye ankagona pa mphindi zosakwana 3, ndipo analowa mu REM maulendo 4 mwa 5. Analembedwa kuti ali ndi narcolepsy ya mtundu woyamba, yokhala ndi cataplexy.

Pali mayeso ena awiri amene sanafunike. Orexin angayezedwe m'madzi a mumsana, ndipo akapezeka 110 pg/mL kapena kutsikirapo nkhani imakhala yatha, koma ndi malabu ochepa amene amayeza. Kwina amayeza magazi kufuna chizindikiro chobadwa nacho chotchedwa HLA-DQB1*06:02. Pafupifupi odwala onse a mtundu woyamba ali nacho, koma anthu ambirimbiri athanzi ali nachonso, choncho pachokha sichitsimikiza kanthu.

Mankhwala, ndi katswiri amene tikanamuiwala

Maselo amene anatha sabwereranso, ndiye mankhwala ndi ochepetsa zizindikiro, osati ochiza. Anamuyambitsa modafinil, mankhwala ochotsa tulo, 100 mg m'mawa, pambuyo pake 200 mg, n'kumubwezera pa fluoxetine chifukwa cha kugwa ndi kukhumudwa kuja. Alipo ena monga methylphenidate, pitolisant, solriamfetol ndi sodium oxybate, koma mtengo ndi kapezekedwe kake n'zovuta kwa mphunzitsi wa pulayimale. Ngakhale modafinil yemweyo amachita kumutumizira mchimwene wake, ndipo apa wa famase wathu anagwira ntchito yaikulu yolongosola makalata, poti mankhwala olowa m'dziko amayang'aniridwa ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Ndinamuchenjeza kuti akaona zidzolo kapena zilonda m'kamwa asiye modafinil n'kubwera tsiku lomwelo, koma fluoxetine asamadumphitse mwa yekha.

Pokambirana za modafinil m'pamene ndinafunsa za kulera, ndipo anandionetsa pamkono pamene anamuika noplanti. Modafinil amafulumizitsa chiwindi kuphwanya mankhwala olera a mapiritsi ndi a pamkono, moti mayi angatenge mimba akuganiza kuti ndi wotetezeka. Phenobarbitone amachitanso chimodzimodzi, kutanthauza kuti kwa nthawi yonse imene anali ndi noplantiyo chitetezo chake chinali chokayikitsa, ndipo palibe anamuuza. Komanso modafinil saloledwa kwa mayi woyembekezera chifukwa angathe kuvulaza mwana m'mimba. Ndinamutumiza kwa anamwino a za kulera, ndipo anasankha lupu, imene mankhwalawa saisokoneza. Jakisoni wa Depo akanathekanso. Tinagwirizana kuti akadzafuna mwana adzayambe wabwera, kuti dokotala wa amayi ndi wa ubongo adzakonzere limodzi kasiyidwe ka mankhwala, ndiponso mmene angadzanyamulire ndi kusambitsa khanda mosaopsa. Anandifunsa ngati ana ake adzatengera. Ndinamuuza kuti mwa abale apafupi a wodwala ndi mmodzi kapena awiri okha pa 100 amene amadwalanso.

Akatswiri ena sanafunike kwa iye koma angafunike kwa wina. Wodwala akakhala wonenepa kwambiri, woliza mkonono, wobanika usiku, woyamba kumuona ndi wa mapapo kapena wa makutu, mphuno ndi mmero, chifukwa kubanika kutulo n'kofala kwambiri kuposa narcolepsy ndipo nthawi zina kumakhalira limodzi nayo. Akakhala mwana, apite kwa dokotala wa ana. Mwa ana cataplexy imaoneka mwina: nkhope yolefuka, kukamwa kuli yasa, lilime likutuluka, kuyenda kodzandira, ndipo pamakhalanso kunenepa msanga ndi kutha msinkhu nthawi isanakwane. Mwana wosowa tulo tabwino amathanso kukhala wolongolola ndi wosakhazikika m'malo moodzera. Ndipo wodwala aliyense wa narcolepsy akamapita ku opaleshoni auze dokotala wogonetsa za matenda ake ndi mankhwala amene akumwa.

Akatswiri onsewa sakumana. Wa ku Johannesburg sadziwa za noplanti, wa za kulera sanamvepo za orexin, wa maganizo amaona tsamba lake lokha. Pamafunika munthu mmodzi wosunga nkhani yonse, woona kuti mankhwala a uyu sakulimbana ndi a uyo, ndipo kuno kwathu munthuyo ndi ife a pa chipatala chapafupi. Ndinalemba chidule cha tsamba limodzi n'kuchimata mkati mwa chikuto cha buku lake latsopano, ndipo pamene panalembedwa khunyu ndinadulapo mzere n'kusainira.

Mmene alili tsopano

Ndinalembera ahedi ake kalata yofotokoza matendawa ndi kupempha zinthu ziwiri: kuti azigona mphindi 15 mpaka 20 pa buleki ndi ana akaweruka, ndiponso kuti asamapatsidwe ntchito yoyang'anira mayeso ali yekha, poti kukhala phee nthawi yaitali ndiko kumaitana tulo. Anavomera, ndipo m'kachipinda kosungira mabuku anaikamo mkeka. Amagona ndi kudzuka nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, ndipo masana amachepetsa nsima chifukwa akakhuta tulo timamugwira kwambiri. Saphika pa mbaula ali yekha, satunga pa chitsime chosavundikira, ndipo akapita kwa agogo ake salowa m'nyanja popanda wamkulu pafupi. Pa kabaza wa njinga yamoto amakwera pokhapokha atangodzuka kumene. Ankafuna kuphunzira kuyendetsa galimoto, koma tagwirizana kuti zidikire kaye mpaka dokotala wa ubongo adzaone kuti tulo tagonjadi.

Pa ulendo wake womaliza Epworth inali 11, kuchoka pa 19. BP ili bwino. Miyezi itatu yapitayi wagwa pansi kamodzi kokha, tsiku la chinkhoswe cha msuweni wake, ngakhale kuti nsagwada imalefukabe akaseka kwambiri. Mwamuna wa pakhomo uja amabwerabe mwa apo ndi apo, ndipo akuti amangodikira kuti chala chiyambe kusuntha. Mwezi umodzi modafinil anachedwa kufika ndipo anabwerera m'mbuyo masabata awiri, choncho tsopano timaitanitsa kukadali mapiritsi a mwezi wathunthu. Adzabweranso pakatha miyezi 3, ndipo wapempha kuti adzabwere ndi mtsikana wina wa Sitandade 7 pa sukulu yawo amene amagona m'kalasi tsiku lililonse, makolo ake akavomera.